Woulula zakuba pa nchito ayambe waonana ndi loya

Mu 2009 munthu wina anatsina khutu a Anti-Corruption Commission kuti ndalama za mu Unduna wa Zaumoyo zinali kubedwa. Maiko a Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo lao. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loteteza anthu oulula zoipa zotere.

Koma abale anga, lamulo silidziyendera lokha. Kalaliki wa pa depoti akaona matumba a feteleza wa alimi akutuluka usiku, nanena, angathe kusamutsidwa kapena kucotsedwa nchito pa cifukwa cabodza. Apa ndi pamene pafunika loya wa milandu ya anchito.

Loya wotere amaphunzira malamulo pa yunivesite monga UNZA, kenaka amapita ku ZIALE muno mu Lusaka asanaloledwe kuimira anthu m'khoti. Nchito yake imayamba mlandu usanafike: amauza wanchito kokanena, makalata oyenera kusunga, ndi masiku amene amutsalira. Pakuti dandaulo la kucotsedwa nchito liyenera kufika ku gawo la High Court loona za anchito asanathe masiku 90.

Yohane Mbatizi anadzudzula Herode popanda womuimira, nadulidwa mutu. Ife lero tili napo potsamira. Mukaona zakuba, musathamangire kuzilengeza pa msika wa Kabwata kapena pabwalo la chalichi. Pitani kwa loya coyamba, ndipo amene alibe ndalama akafunse ku Legal Aid Board. Kuona maso a nkhono n'kudekha.