Vampaya woyenda dzuwa likuswa mtengo: mmene amakonzera mafilimu akale

Mu filimu ya Nosferatu, yomwe inatuluka ku Germany mu 1922, muli chilombo chotchedwa Count Orlok. Ndi vampaya, ndiye kuti wakufa wa m'nthano za ku Ulaya amene amagona m'bokosi lamaliro masana n'kumadzuka usiku kukamwa magazi a anthu. Kumapeto kwa filimuyi dzuwa likangomuwalira, Orlok amazimiririka ngati utsi. Koma anthu ambiri amene anaionera pa matepi a VHS ndi ma DVD otchipa ankamuona Orlok yemweyo atakolekera bokosi lake m'khwapa, akuyenda m'misewu ya m'tauni kunja kuli mbee, osapsa ngakhale pang'ono. Ndiye dzuwalo limamupha kapena ayi?

Yankho lake lili mu kemisitiri ndi fizikisi yomwe mukuphunzira m'kalasi. Ndisanapitirire ndinene kaye ichi: ena amamasulira mawu oti vampaya kuti namapopa, koma pano tikukamba za sewero, munthu wovala mano oikirira atapakidwa zoyera kumaso. Mphekesera za anamapopa zija za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe zinaphetsa anthu osalakwa, zimenezo si zoseweretsa ayi.

Filimu ya nthawi imeneyo sinali fayilo yotumizirana pa foni. Inali lamba wautali woonekera, wa mamilimita 35 m'lifupi, wokulungidwa m'zitini zachitsulo. Lambayo ali ndi zigawo ziwiri. Pansi pali pulasitiki. Pamwamba pake anamatapo gelatin, chinthu chochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, chosakaniza ndi timchere ta siliva tomwe timasintha kuwala kukatigwera. Lamba akamutsuka m'mankhwala, pamene panafika kuwala kwambiri pamatsala timibulu ta siliva takuda. Uyu ndiye lamba woyamba, wotuluka m'kamera, amene amamutchula kuti negativu: zoyera zimaoneka zakuda, zakuda zoyera. Kuchokera pa iye ndi pomwe amasindikiza makope otumiza kumalo oonetsera kanema.

Tsono lamba wa m'ma 1920 ankafuna kuwala kwambiri kuti agwire chithunzi. Kujambula panja usiku kunali kovuta zedi. Ndiye F. W. Murnau, yemwe anatsogolera Nosferatu, ndi anzake ankajambula zochitika za usiku masana omwe. Akasindikiza kope, ankadula zigawozo n'kuziviika mu utoto wa buluu. Za masana ankaviika mu wachikasu, za m'bandakucha mu wofiirira ngati pinki. Oonera a nthawi imeneyo ankadziwa: kukada buluu, ndiye kuti kwada. Vuto n'lakuti utotowo sunali mbali ya chithunzi cha siliva chija. Patapita zaka, anthu atayamba kukopera makope akale pa lamba wamba wosonyeza zakuda ndi zoyera zokha, buluu uja anatsalira. Usiku unasanduka masana, vampaya n'kumayenda padzuwa ngati akupita kumsika.

Mwina mukuti, bwanji osangobwerera ku negativu n'kusindikizanso? Negativuyo kulibe. Nkhani ya Nosferatu anaitenga m'buku la Dracula, lomwe Bram Stoker anatulutsa mu 1897, koma sanapemphe chilolezo. Anasintha mayina. Mkazi wamasiye wa Stoker, Florence, anakasuma, ndipo mu 1925 khoti la ku Germany linalamula kuti negativu ndi makope onse ziwonongedwe. Filimuyi inapulumuka chifukwa makope ena anali atafika kale kumayiko ena, komwe anthu anawadula, kuwasintha mawu ndi kuwakopera mobwerezabwereza. Kope lililonse lokopera pa linzake limataya kakuthwa kena ka chithunzi, monga zimachitikira mukafotokopa pepala lomwe nalonso linali lofotokopa.

Lamba amene amadzidya yekha

Ngakhale khoti likanapanda kulamula, mdani wina analipo kale m'chitini momwemo. Pulasitiki wa mafilimu kufikira kumayambiriro kwa m'ma 1950 anali cellulose nitrate, m'bale wake wa onga. Kumbukirani kuti moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, kutentha ndi okosijeni. Nthawi zambiri timazima moto poutsekera mpweya, ndi mchenga kapena madzi. Koma nitrate ali ndi okosijeni wakewake m'kati mwa mamolekyu ake, moti akayaka amapitirira kuyaka ngakhale mutamumiza m'madzi. Mu 1937 nyumba yosungira mafilimu ya kampani ya Fox ku New Jersey inapsa n'kutha mafilimu ambirimbiri. M'ma 1960 moto wina kumalo osungira a MGM unatentha kope lomaliza lodziwika la London After Midnight, filimu ya 1927 momwe Lon Chaney anavala ngati vampaya. Lero tangotsala ndi zithunzi zake basi. Kafukufuku wa Library of Congress wa mu 2013 anapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu a ku America, pafupifupi 70 pa 100 alionse anatayikiratu.

Nitrate akapanda kupsa amaola. Amatulutsa mipweya ya nitrogen oxide, yomwe ikakumana ndi chinyezi imapanga asidi. Asidiyo amafulumizitsa kuolako, kuolako n'kutulutsa asidi winanso, choncho zikangoyamba zimathamanga zokha. Lamba amayamba kumata, kenako amagwirana kukhala chibuma, pomaliza ufa wofiirira. Pulasitiki amene analowa m'malo mwake, cellulose acetate, sayaka chotero, koma naye ali ndi matenda ake: amatulutsa acetic acid, asidi yemweyo wa mu viniga wothira pa chipisi. Osunga mafilimu akatsekula chitini n'kumva fungo la viniga, amadziwa kuti zinthu zavuta. Ndipo paja munaphunzira kuti kutentha kumafulumizitsa kusintha kwa mankhwala, eti? N'chifukwa chake Library of Congress imasunga mafilimu a nitrate ku Culpeper, m'boma la Virginia, m'zipinda zozizira pafupifupi madigiri 4, mpweya wake wouma.

Choncho wofuna kukonzanso filimu ngati Nosferatu amayamba ngati wapolisi wofufuza mlandu, kufunsa m'nyumba zosungira mafilimu kuti ndani ali ndi chidutswa chiti. Pa ntchito yomwe Luciano Berriatúa anatsogolera cha m'ma 2005 ndi 2006 m'malo mwa bungwe la Friedrich Wilhelm Murnau Stiftung, maziko ake linali kope la nitrate losungidwa ku Cinémathèque française, lomwe linali lidakali ndi utoto wake. Zigawo zosowa anazitenga m'makope ena. Ntchito ya manja inachitikira ku labotale ya L'Immagine Ritrovata ku Bologna, m'dziko la Italy. Kope limeneli ndi lomwe kampani ya Eureka ku Britain ndi ya Kino ku America zinatulutsa pa DVD, kenako pa Blu-ray. Pamenepo usiku unabwerera mwakale.

Madzi obisa mizere

Gawo limene ine limandisangalatsa koposa ndi la mizere yokalika. Lamba amene wadutsa m'pulojekita kambirimbiri amakalika, ndipo pa sikirini mumaona mizere yotsika ngati mvula. Chimachititsa n'chiyani kuti mzerewo uoneke? Kuwala kumakhota kukamachoka mu chinthu china kulowa mu china, malinga ndi refractive index ya zinthu ziwirizo. Ya mpweya ndi pafupifupi 1, ya pulasitiki wa filimu ndi pafupifupi 1.5. Pamalo osalala kuwala kumadutsa mwadongosolo. Pamalo okalika pali kangalande kodzaza mpweya, ka m'mbali mokumbikakumbika, ndipo kuwala kukafika pamenepo kumamwazikana osalowa bwino m'galasi la kamera.

Mankhwala ake ndi osavuta kumva. Pokopera lamba amamudutsitsa m'madzi apadera, kawirikawiri perchloroethylene, omwe refractive index yake ndi pafupifupi yofanana ndi ya pulasitiki uja. Madziwo akadzaza kangalande, kuwala sikuona kusiyana pakati pa madzi ndi pulasitiki, kumangodutsa chowongoka. Mzere uja ulipobe pa lamba, koma kamera siuona. Njirayi amaitchula kuti wet gate. Mutha kuyesa kunyumba: tengani rula yapulasitiki yoonekera yomwe yakalikakalika mpaka kuchita mbuu, muipake kadontho ka mafuta ophikira, muone mmene iyerere. Komatu njirayi imathandiza ngati kukalikako kuli kumbali ya pulasitiki. Kukafika pa gelatin n'kupala siliva, chithunzi chenichenicho chachoka, ndipo madzi sangachibweze.

Lamba wakale amafupikanso pang'ono, moti timabowo ta m'mbali mwake sitigwirizananso ndi mano a makina. Mukamukakamiza, ang'ambika. Masikana a masiku ano ambiri amamuyendetsa pa mawilo osalala opanda mano, n'kujambula chithunzi chimodzichimodzi, cha madontho 2,048 m'lifupi pa 2K kapena 4,096 pa 4K. Pa kompyuta ndi pomwe amakonza zotsala. Fumbi limakhala pa chithunzi chimodzi chokha, ndiye kompyuta imayerekeza chithunzicho ndi cham'mbuyo ndi cham'tsogolo, n'kudzaza pobisikapo. Koma kompyuta ndi yopusa mwa njira yake. Kanthu kothamanga, kaya khoswe wa m'sitima ya Orlok, kaya kuphethira kwa kandulo, itha kukayesa fumbi n'kukafufuta. Pamafunika munthu wokhala pansi kuyang'ana.

Nanga zithunzizo n'zingati? Tiyeni tiwerengetse. Nosferatu yokonzedwayi imatenga pafupifupi mphindi 94 pa liwiro la zithunzi 18 pa sekondi. 94 kuchulukitsa ndi 60, kuchulukitsanso ndi 18, tipeza 101,520. Liwiro limenelinso ndi nkhani payokha. Makamera a nthawiyo ankapukusidwa ndi dzanja, ndipo liwiro la zithunzi 24 pa sekondi linakhazikika mafilimu a mawu atabwera. Mukayendetsa zithunzi 101,520 pa 24, filimu itha m'mphindi 70 ndi theka, ndipo anthu aziyenda modumphadumpha ngati nthabwala. Ambiri amaganiza kuti ndi mmene mafilimu akale analili, pomwe ndi makina olakwika liwiro. Pa Blu-ray amakonza pobwereza chithunzi chimodzi pa zitatu zilizonse, kuti 18 akwane 24.

Polekezera ndi pati?

Apa ndiye sayansi imathera, kuganiza kwa munthu n'kuyamba. Timibulu ta siliva tija timapangitsa chithunzi kuoneka ngati chili ndi kamchenga kovinavina. Pali mapulogalamu ochotsa kamchengako, ndipo makampani ena amawagwiritsa ntchito mopyola muyeso pofuna kuti filimu ioneke ngati yajambulidwa dzulo. Zotsatira zake nkhope zimasalala ngati za zidole za m'mashopu a zovala. Ine ndimatsutsana nazo zimenezi, chifukwa timibuluto si litsiro. Chithunzicho chinapangidwa ndi timibulu tomweto, ndiye mukatichotsa mwachotsanso makwinya a pankhope ndi ulusi wa chovala.

Chitsanzo chabwino ndi Vampyr, filimu ya 1932 ya Carl Theodor Dreyer wa ku Denmark. Zigawo zake zambiri zimaoneka zachifunga, ngati galasi la kamera linali lakuda. Wosadziwa angathamangire kuziwalitsa. Komatu chifungacho anachita dala: wojambula wake, Rudolph Maté, ankaika kansalu kopyapyala patsogolo pa kamera kuti zonse zioneke ngati maloto. Wokonza ayenera kusiyanitsa chifunga cha Dreyer ndi kuwonongeka kwa zaka, ndipo palibe makina angamuuze zimenezo. Ayenera kuwerenga mbiri ya filimuyo ndi kuyerekeza makope.

Nthawi zina ngakhale akatswiri sagwirizana. Dracula ya 1958 ya kampani ya Hammer ku Britain, momwe Christopher Lee anasewera ngati vampaya, inakonzedwa ndi British Film Institute mu 2007. Mu 2011 kunapezeka mipukutu ya kope lakale ku National Film Center ku Tokyo. Inali yowonongeka ndi madzi, ndipo mipukutu yoyambirira ya kopelo inali itapsa pa moto wa mu 1984, koma mu yotsalayo munali masekondi angapo omwe oyang'anira mafilimu ku Britain anadula kalekale, kuphatikizapo pamene nkhope ya Dracula ikusupuka padzuwa. Masekondiwo anawatsuka n'kuwabwezera, ngakhale mukayang'anitsitsa mumaona kuti ndi ofooka kusiyana ndi oyandikana nawo. Blu-ray yake itatuluka mu 2013, mkangano unabuka pa china: okonda filimuyi ambiri ankati yada ndipo yachita buluu kwambiri poyerekeza ndi yomwe anazolowera pa TV ndi pa DVD, pomwe oikira kumbuyo ntchitoyo ankati mitunduyo anaitsata pa kope lakale. Terence Fisher, yemwe anaitsogolera, anamwalira mu 1980, ndipo wojambula wake Jack Asher naye anali atamwalira kale, choncho panalibe woti n'kumufunsa.