Udzudzu wa m'Wailesi ya Galimoto

Pa tchuthi chapitachi ndinathandiza amalume kuika wailesi yatsopano m'galimoto lawo. Titaliza injini, masipika anayamba kulira ngati udzudzu, ndipo amalume akaponda moto kulirako kunkakwera. Iwo anafuna kubweza wailesiyo kusitolo, koma titazimitsa injini nyimbo zinamveka bwino. Apa tinadziwa kuti wailesi inalibe mlandu.

Phokoso lotere limachokera ku alternator, makina odzaza batire, ndipo limalowa ngati waya wakuda wa earth sanagwire bwino chitsulo cha galimoto. Ife tinali titam'manga pa penti, chikhalirecho penti sapititsa magetsi. Tinapala pentiyo, n'kumanga wayayo zolimba pa chitsulo chenicheni, ndipo udzudzu unatheratu.

Anzanga, musanataye ndalama, yambani mwaona waya ameneyu.