Chilungulira Chosatha Pambuyo pa Opaleshoni Yochepetsa Thupi

Opaleshoni yochepetsa thupi yathandiza anthu ambiri onenepa mopitirira muyezo. Thupi limatsika, shuga amakhazikika ndipo kuthamanga kwa magazi kumachepa. Komabe ena mwa anthuwa amadzayamba kuvutika ndi chilungulira chosamva mankhwala, mpaka madokotala kuwalangiza kuti achitidwe opaleshoni yachiwiri. Anzathu ena amakachitidwa maopaleshoni otere kunja, monga ku South Africa ndi ku India, koma akabwerako amene timawaona pachipatala ndi m'mudzi ndi ife. Nkhaniyi ikufotokoza chomwe chimayambitsa chilungulirachi, nthawi yomwe opaleshoni yachiwiri imafunika, ndi zomwe wazaumoyo ayenera kuyang'anira.

Zomwe opaleshoni yoyamba imasintha

Pali maopaleshoni awiri amene amachitika kwambiri. Yoyamba imatchedwa sleeve gastrectomy, mwachidule sleeve. Dokotala amadula ndi kuchotsa magawo 75 mpaka 80 mwa magawo 100 a chifu, n'kusiya kachifu kakatali, kopapatiza ngati nthochi. Masiku ano iyi ndiyo imachitika kwambiri padziko lonse chifukwa ndi yosavuta poyerekeza ndi inzake.

Yachiwiri ndi Roux-en-Y gastric bypass, mwachidule bypass, ndipo dzinali linachokera kwa César Roux, dokotala wa ku Switzerland. Pano chifu sichichotsedwa. Dokotala amapanga kathumba ka mamililita pafupifupi 30 kumtunda kwa chifu, n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho.

Chilungulira chimavutitsa kwambiri amene anachitidwa sleeve. Pamene m'mero umakumana ndi chifu pali mnofu wozungulira umene umatseka khomo kuti zam'chifu zisabwerere. Sleeve imachotsa mbali yapamwamba ya chifu, yomwe imatanuka munthu akadya. Kachifu kotsalako sikatanuka kwenikweni, ndiye kakadzaza zam'kati zimakankha khomo lija ndipo asidi amakwera kum'mero. Podula, ulusi wina wa mnofu wotseka khomo umathanso kuwonongeka. Mwa ena kachifuko kamapindika kapena kuning'a pakati, chakudya n'kumachedwa kutsika. Mwa enanso kamakwera m'chifuwa kudzera pabowo la mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, vuto lomwe limatchedwa hiatal hernia.

Izi zikusonyeza kuti gwero la vutoli nthawi zambiri ndi kapangidwe ka chifu chatsopanocho. Mankhwala monga omeprazole amachepetsa asidi, koma sakonza khomo lofooka kapena kuwongola malo opindika.

Zomwe kafukufuku wapeza

Kafukufuku wa SM-BOSS wa ku Switzerland, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anatsatira odwala 217 kwa zaka zisanu. Odwalawa anawagawa mwamaere, ena sleeve, ena bypass. Chilungulira chinakula mwa odwala pafupifupi 32 pa 100 aliwonse a sleeve, pamene mwa a bypass chinakula mwa 6 okha. Mwa amene anali nacho kale, chinatha mwa 60 pa 100 aliwonse a bypass ndi 25 okha a sleeve.

Kafukufuku wa SLEEVEPASS wa ku Finland anayamba ndi odwala 240. Zotsatira za zaka khumi, zomwe zinatuluka mu 2022, zinasonyeza kuti m'mero unali wotupa mwa 31 pa 100 aliwonse a sleeve ndi 7 okha a bypass.

Kutupaku sikoyenera kukupeputsa. Asidi akamapsereza m'mero kwa zaka, pamabwera zilonda, m'mero umatha kuning'a, ndipo khungu lake lam'kati limatha kusintha n'kukhala chomwe chimatchedwa Barrett's oesophagus. Mwa anthu ochepa kusinthaku kumasanduka khansa. Ena m'mero umawonongeka osamva ululu uliwonse. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a maopaleshoniwa padziko lonse, IFSO, mu 2020 linalangiza kuti wochitidwa sleeve aunikidwe m'mero pakatha chaka chimodzi, kenako zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, ngakhale asakudandaula kanthu.

Zoyamba kuchita opaleshoni isanaganiziridwe

Si aliyense wa chilungulira amene afunika kubwerera ku opaleshoni. Choyamba ndi kuona ngati mankhwala akumwedwa bwino. Omeprazole amagwira bwino akamwedwa mphindi 30 mpaka 60 munthu asanadye m'mawa, tsiku lililonse, kwa masabata asanu ndi atatu. Wodwala azidya pang'onopang'ono, asamwe madzi pomwe akudya, asagone pasanathe maola atatu atadya, akweze bedi kumutu, ndipo asiye fodya ndi mowa.

Zikakanika, wodwala ayenera kuyezedwa. Endoscopy, yomwe ndi kulowetsa kachubu ka kamera kudzera kukamwa, imaonetsa zilonda, kuning'a ndi kusintha kwa khungu la m'mero. Kujambula ekisileyi wodwala atamwa mankhwala a barium kumaonetsa maonekedwe a kachifu ndi pomwe kali. Pali kuyeza kuchuluka kwa asidi kum'mero kwa maola 24, komanso kuyeza mphamvu ya minofu ya m'mero. Kuyeza kotsirizaku n'kofunika chifukwa matenda ena olepheretsa m'mero kukankha chakudya amafanana ndi chilungulira, pamene chithandizo chake n'chosiyana.

Opaleshoni yachiwiri imaganiziridwa ngati chilungulira chikupitirira ngakhale mankhwala akumwedwa moyenera, ngati zilonda za kum'mero n'zazikulu, ngati pali Barrett's oesophagus, kapena ngati chakudya chimabwerera kukamwa usiku mpaka kumutsamwitsa wodwala.

Momwe opaleshoni yachiwiri imathandizira

Kwa munthu amene chifu chake n'chathunthu, madokotala amathetsa chilungulira chosamva mankhwala pokulunga mbali yapamwamba ya chifu mozungulira m'mero kuti khomo lilimbe. Kwa wochitidwa sleeve izi sizitheka, chifukwa mbali imeneyo inachotsedwa kale. Njira yomwe ili ndi umboni wochuluka ndi kusandutsa sleeve kukhala bypass.

Bypass imathandiza m'njira zitatu. Kathumba kakang'ono kaja kamapanga asidi wochepa kwambiri. Chakudya chimatsika m'matumbo popanda chotsekereza, ndiye palibe chokankha khomo. Ndulu nayo imakakumana ndi chakudya patali, pamtunda wa masentimita 100 mpaka 150 kuchokera pakathumbako, motero kubwerera kum'mero n'kovuta. Ngati kachifu kanakwera m'chifuwa, dokotala amakabweza m'mimba ndi kuchepetsa bowo lija pa opaleshoni yomweyo.

Odwala ambiri amapeza bwino kwambiri, koma ena amapitirizabe kumwa mankhwala. Opaleshoni yachiwiri ndi yovutanso kuposa yoyamba chifukwa cha zipsera zam'kati, ndipo zovuta monga kutaya magazi ndi kudontha kwa pamsoko zimachitika kawirikawiri kuposa poyamba. Wodwala ayenera kuzimva izi momveka asanavomere.

Zoyenera kuyang'anira ife azaumoyo

Choyamba, funsani dzina la opaleshoni ndipo muone zikalata zakuchipatala. Mawu oti "anandichepetsa chifu" sakwanira, chifukwa zovuta za sleeve ndi za bypass n'zosiyana.

Chachiwiri, kuvutika kumeza musakutenge ngati chilungulira wamba. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo mtundu womwe umapezeka kwambiri kuno suyamba ndi asidi. Wodwala amene chakudya chikumuima pachifuwa, akusanza magazi kapena akuchita chimbudzi chakuda atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene endoscopy imachitika.

Chachitatu, m'masabata oyamba pambuyo pa opaleshoni, mtima wogunda koposa ka 120 pa mphindi, kutentha thupi, kubanika kapena kupweteka kwambiri m'mimba zikhoza kutanthauza kuti pamsoko pakudontha. Musadikire kuti kuche. Ngakhale patapita zaka, kupweteka kwambiri m'mimba mwa wochitidwa bypass kukhoza kukhala matumbo opotana, ndipo afunika dokotala wa maopaleshoni tsiku lomwelo.

Chachinayi, samalani ndi mankhwala. Ibuprofen, diclofenac ndi aspirin, zomwe anthu amagula m'magolosale ndi m'mafamase, zimayambitsa zilonda pamene kathumba kalumikizana ndi matumbo. Fodya nayenso amachita chimodzimodzi. Paululu wamba apatseni paracetamol. Kwa amene ali pa ma ARV, omeprazole sayenera kumwedwa pamodzi ndi atazanavir, chifukwa atazanavir amafuna asidi kuti alowe m'thupi. Dolutegravir amwedwe maola awiri asanamwe, kapena maola asanu ndi limodzi atamwa, mankhwala a chilungulira okhala ndi magnesium kapena aluminium. Mapiritsi a ayironi ndi kashiamu amathanso kutsekereza dolutegravir, choncho wodwala auzidwe nthawi yomwera chilichonse.

Chachisanu, bypass imachepetsa kalowedwe ka ayironi, kashiamu ndi vitamini B12 m'thupi, motero mavitamini ndi kuyezetsa magazi ndi za moyo wonse. Wodwala amene wakhala akusanza kwa masabata awiri kapena atatu akhoza kutha vitamini B1 m'thupi, zomwe zimawononga ubongo. Akafika ali wosokonezeka, akudzandira kapena maso akugwedera, apatsidwe thiamine asanamuike diripu ya shuga. Amayi alangizidwe kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge mimba, ndipo njira yolera ikhale ya jakisoni, ya pamkono kapena lupu, popeza mapiritsi akhoza kusalowa bwino m'thupi.

Alangizi a zaumoyo ndi odzipereka m'midzi ali ndi gawo lawo. Pochezera munthu wochitidwa opaleshoni yotere, mufunseni ngati amadzuka usiku ndi chilungulira, ngati akumwabe mavitamini, ndi tsiku lomwe anaunikidwa m'mero komaliza. Mayankho ake alembedwe m'buku lake lakuchipatala kuti aliyense womuona pambuyo pake adziwe poyambira.