Tisatume Ana Kukayatsa Fodya

M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chalimba ku Bembeke ndi ku Chongoni m'boma la Dedza, osuta ambiri amati fodya amawatenthetsa thupi. Ife tikuti uku nkudzinamiza, pakuti nikotini wa m'fodya amachepetsa njira za magazi, kotero kuti manja ndi mapazi amazizira koposa.

Kawirikawiri kusuta kumayambira pakhomo. Agogo amatuma mdzukulu kukayatsa fodya wa chingambwe pamoto, ndipo kuti asazime panjira, mwanayo amakokako kamodzi. Mawa adzakokako kawiri. Kusukulu anzake amamuuza kuti ndudu ndiyo chizindikiro cha ukulu.

Chimene chimamumanga pambuyo pake ndi chibaba. Nikotini amafika ku ubongo m'kamphindi, ndipo akachepa m'magazi wosuta amasowa mtendere kufikira atayatsanso.

M'chaka cha 2023 dziko la Malawi linavomereza pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta. Koma pangano lokha silifika pamoto pamene agogo akuwotha. Nchifukwa chake tikupempha aphunzitsi, mafumu ndi akuluakulu a boma kuti alangize makolo: mwana asatumidwe kukayatsa kapena kukagula fodya. Kuwongola mtengo mpoyamba.