Ulusi wa opaleshoni umathera kuti m'thupi?

Mayi akabereka kudzera pa opaleshoni ku Gogo Chatinkha pa chipatala cha Queens, adokotala amasoka chiberekero, minofu ya pamimba, kenako khungu. Ulusi wa pakhungu nthawi zina amakauchotsa pakapita masiku angapo. Nanga wa m'katiwo? Palibe amene amamung'ambanso mayiyo kuti akautulutse. Umasungunuka wokha, ndipo pomwe unali pamatsala mnofu wolumikizana.

Tiyambe ndi polima. Ganizani mikanda yoti aitunga pa chingwe: mkanda umodzi ndi monoma, chingwe chonsecho ndi polima. Majumbo amene adzaza mu mtsinje wa Nasolo ku Ndirande ndi polima yotchedwa polyethylene. Maatomu ake a kaboni amagwirana molimba moti madzi sangawalekanitse, n'chifukwa chake jumbo imakhala zaka zambiri osawola. Ulusi wa kuchipatala ngati Vicryl, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1974, nawonso ndi polima, koma mikanda yake ndi glycolic acid ndi lactic acid, ndipo mfundo zake ndi za mtundu wa ester. Madzi a m'thupi amadula mfundozi pang'onopang'ono. Ku kalasi ya Chemistry mumati hydrolysis. Tizidutswato thupi limatigaya, mapeto ake n'kukhala madzi ndi mpweya wa carbon dioxide.

Tsono collagen. Iyi ndi puloteni yochuluka kuposa zonse m'thupi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mapuloteni athu. Ili m'khungu, m'mafupa ndi m'mitsempha yolumikiza mnofu ku fupa. Mukatemeka, maselo otchedwa fibroblast amafika pabala n'kuyamba kuluka collagen yatsopano. Yoyamba imakhala yopyapyala, ya mtundu wachitatu, ndipo pakapita miyezi imalowedwa m'malo ndi ya mtundu woyamba, yolimba.

Apa ndi pomwe Physics ikubwera. Munawaonapo amisiri ku Machinjiri akuthira silabu? Amaimika mitengo ya bulugamu pansi kuti inyamule katundu mpaka konkire ilimbe. Akaichotsa msanga, silabu igwa. Ulusi nawo umanyamula mphamvu yokoka m'malo mwa mnofu umene sunalimbe. Pakatha masabata awiri, Vicryl amatsala ndi pafupifupi 75 peresenti ya mphamvu zake. Pakatha atatu, pafupifupi theka. Nthawi yomweyo bala la pakhungu limakhala litangofika pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu za khungu labwinobwino, koma likukwerabe. Mutajambula galafu, mzere wina ukutsika, wina ukukwera. Ulusiwo umatheratu pakati pa masiku 56 ndi 70. Luso la adokotala ndi kusankha ulusi umene kutsika kwake kukugwirizana ndi kuchira kwa malo amene akusoka.

Komatu ulusi sumangonyamula katundu basi. Thupi limauona ngati mlendo, ndiye maselo a chitetezo otchedwa macrophage amauzungulira n'kutulutsa mankhwala oitana ma fibroblast. Lactate nayenso amalimbikitsa ma fibroblast kupanga collagen. Asayansi anatengerapo nzeru. Mu 2004 bungwe la FDA ku America linavomereza Sculptra, ufa wa poly-L-lactic acid wobaya pansi pa khungu, kuti uthandize anthu omwe ali ndi HIV amene masaya awo analowa. Vutoli kuno kwathu tikulidziwa: limabwera ndi ARV yotchedwa stavudine, imene dziko la Malawi linayamba kuisiya mu 2011. Ufawo ukamasungunuka, thupi limamanga collagen yakeyake pamalopo, tsaya n'kudzazanso pang'onopang'ono.

Koma chakoma chikachuluka chimawawa. Collagen ikapangidwa mopyola muyeso pamatuluka keloid, chipsera chotupa chija mumachiona pakhutu la munthu amene anaboola ndolo. Chimakonda kwambiri ife a khungu lakuda. Ndipo dziwani kuti chipsera, ngakhale chitapola bwino chotani, chimangofika pafupifupi 80 peresenti ya mphamvu za khungu loyamba.

Ndiye mbale wanu akasokedwa, chitani izi. Funsani anamwino ngati ulusiwo ndi wosungunuka kapena wochotsa, chifukwa wa nayiloni susungunuka. Musausolole, ngakhale ukuyabwa. Musamulole kusenza ndowa ya madzi msanga poti kunja kwauma. M'kati silabu sinalimbe. Mupatseni usipa, nyemba, mazira, komanso magwafa ndi malambe, chifukwa popanda vitamini C ma fibroblast sangaluke collagen yolimba. Bala likafiira, likatupa, likatuluka mafinya, kapena wodwala akatentha thupi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ntchito ya sabata ino: jambulani galafu ya mphamvu za Vicryl pogwiritsa ntchito manambala ali pamwambawa. Kenako fotokozani chimene chingachitike ngati ulusi utataya mphamvu zonse pa tsiku lachisanu.