Mabanja a Amishoni Achikulire pa Nthawi Imene Ulamuliro Udapita kwa Sinodi ya Nkhoma

Doko la Chipoka, lomwe lili m'mphepete mwa nyanja ya Malawi kummwera kwa tauni ya Salima, lidayamba kudziwika kwambiri m'chaka cha 1935, pamene njanji yochokera ku Blantyre idadutsa pamenepo ndipo katundu wa sitima ya pamtunda adayamba kukumana ndi wa sitima za pamadzi. Dera lonseli, ngakhale kuti lili ndi Asilamu ambiri ndiponso lili kufupi ndi mishoni za Akatolika za ku Mua ndi ku Mtakataka, lili m'gawo la Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP, womwe anthu akale ankangoutchula kuti wa Adachi chifukwa m'derali udabwera ndi amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa. M'chaka cha 1962 amishoniwo adathetsa bungwe lawo lolamulira ndi kupereka ntchito yonse m'manja mwa Sinodi, ndipo kusinthaku kudagwera kwambiri mabanja achikulire, amuna ndi akazi omwe adakhala zaka makumi angapo akuyendetsa zinthu, kenaka n'kuuzidwa kuti akhale antchito a mpingo womwe adaubzala okha.

Mishoniyi idayamba pa 28 November 1889, pamene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok adakhazikika ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, m'mapiri oyang'ana kunyanja. Apaulendo a masiku amenewo ankatsika sitima ku Domira Bay ndi kukwera phiri pa machila, omwe adali nsalu yokoloweka pamtengo yonyamulidwa ndi amtengatenga. Malungo a m'chigwa adachititsa kuti malo akuluakulu a mishoni, monga Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896, amangidwe kumtunda kozizira, kotero kuti midzi ya kunyanja inkamva uthenga makamaka kudzera mwa aphunzitsi a kuno komweko, omwe ankaphunzitsa ana pakati pa sabata ndi kulalikira tsiku la Sabata. Mmishoni ankatsikira kumidziko mwa apo ndi apo, kudzayendera sukulu, kudzayesa a m'kalasi ofuna ubatizo ndi kudzapereka Mgonero.

Kuti kulemera kwa kusinthaku kumveke bwino, nkofunika kudziwa mphamvu zomwe banja la mmishoni lidali nazo pamalo pake. Mwamuna adali mbusa, komanso ndiye ankalemba ndi kuchotsa aphunzitsi, kusunga mabuku a ndalama, kulamula za zomangamanga ndi kutsogolera bwalo la akulu a mpingo poweruza milandu ya Akhristu. Mkazi wake, yemwe anthu ankamutchula kuti adona monga ankatchulira mwamunayo kuti bwana, adalibe udindo wolembedwa ngati wa mwamuna wake, komabe pakhonde pake mpomwe odwala ankayamba kufikira, asungwana ankaphunzira kusoka ndi kuluka, ndipo amayi ankabwera ndi nkhani za m'banja zomwe sakadazinena pamaso pa amuna. Pamwamba pa onsewa padali Bungwe la Mishoni, msonkhano wa amishoni okhaokha, womwe unkagawa ndalama zochokera ku mpingo wa ku Cape, ku South Africa, ndi kusamutsa antchito. Mpingo wa Amalawi udali ndi mabwalo akeake, koma sukulu, zipatala, nyumba ndi chuma zidali pansi pa bungwelo, ndipo apa mpomwe padagona vuto.

Banja la William Hoppe Murray limaonetsa kutalika kwa moyo woterewu. Iye adafika mu 1894, adatsogolera mishoniyi zaka zambiri, adagwira gawo lalikulu la ntchito yomasulira Buku Lopatulika lomwe lidatuluka lathunthu mu 1922, ndipo adapuma mu 1937. Pa nthawi yake mpomwe abusa oyamba akuda, Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza, adadzozedwa mu 1925, ndipo chaka chotsatira Nkhoma idalowa mu CCAP, yomwe Livingstonia ndi Blantyre adaikhazikitsa mu 1924. Mwana wamkazi wa William Murray, Pauline, adakhala dokotala m'mishoni momwemo ndipo adakwatiwa ndi J.L. Pretorius, mmodzi wa otsogolera maphunziro. Mabanja otere ankalankhula Chinyanja mosadodoma, adaika ana ndi anzawo m'manda a ku Mvera ndi ku Nkhoma, ndipo kwa ena a iwo South Africa lidali dziko lopitako patchuthi chabe.

Ganizo lakuti mishoni iyenera kudzatha silidali lachilendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1800, Henry Venn ku England ndi Rufus Anderson ku America ankaphunzitsa kuti cholinga cha mmishoni ndi kubzala mpingo wodzilamulira, wodzidalira pa chuma ndiponso wofalitsa wokha uthenga. Amishoni a ku Nkhoma ankavomereza mfundoyi, koma kuvomereza mfundo nkosavuta poyerekeza ndi kutchula tsiku lotula pansi udindo, ndipo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri zidadutsa pakati pa kudzozedwa kwa abusa oyamba ndi kutha kwa Bungwe la Mishoni. Chomwe chidafulumiza zinthu chidali ndale za dziko. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa mu 1953 anthu a kuno akuchikana, boma la atsamunda lidalengeza za nthawi ya chipwirikiti pa 3 March 1959 ndi kumanga atsogoleri a chipani cha Congress, ndipo ku South Africa, kwawo kwa amishoniwo, boma la tsankho lomwe lidalowa mu 1948 lidapha anthu ochita zionetsero ku Sharpeville mu March 1960. Mkhristu wa ku Salima kapena ku Dowa adali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti mpingo wake ukhale bwanji pansi pa azungu ochokera ku mpingo womwe kwawo unkagwirizana ndi tsankho. Nkhoma idali itakhala kale Sinodi mu 1956, ndipo mu 1962 pangano lolembedwa pakati pa mpingo wa ku Cape ndi Sinodi lidasamutsa sukulu, zipatala, malo osindikizira mabuku ndi katundu yense.

Kwa mwamuna wachikulire, kusinthaku kunkaonekera m'zinthu zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku. Pamsonkhano ankayenera kukweza dzanja ndi kudikira kuti wapampando amupatse mpata, ndipo wapampandoyo akadatha kukhala munthu yemwe iye mwini adamuphunzitsa kuwerenga kapena kumuyesa katekisma. Galimoto, makiyi a nyumba yosungiramo katundu ndi buku la malipiro a aphunzitsi sizidalinso zinthu zoti nkuzigwiritsa ntchito popanda kufunsa komiti. Kumene angatumikire, ngakhale funso lakuti abwerenso kapena ayi akatha tchuthi chake, zidakhala nkhani zoti Sinodi inenepo mawu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi sasintha msanga kalankhulidwe komwe wakhala nako moyo wake wonse, ndipo chiyeso chachikulu chidali kupitiriza kulamula kudzera m'malangizo, popeza abusa ambiri, chifukwa cha ulemu womwe Achewa amapereka kwa wamkulu, sakadamutsutsa poyera. Mmishoni wanzeru adali yemwe adazindikira kuti kukhala chete kwa anzakewo sikunkatanthauza kuvomera, ndipo adaphunzira kusunga maganizo ake mpaka ena onse atalankhula.

Mbali ya mkazi ndi yomwe imaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi yomwe ili ndi phunziro lozama. Pangano la 1962 linkanena za nyumba, maudindo ndi ndalama, koma ntchito yambiri ya mkazi wa mmishoni sidali m'gulu la zinthu zotha kulembedwa pamndandanda wa katundu. Mphamvu zake zinkachokera pa udindo wa mwamuna wake, kotero kuti udindowo utachepa, nayenso adapeza kuti amayi ayamba kupita ndi nkhawa zawo kwa mayi busa, mkazi wa mbusa wa Chimalawi, yemwe ankadziwa za chinamwali, za chikamwini ndi za maliro kuchokera m'kati mwa mudzi. Komabe ntchito ya amayi idali itakonzekera kusinthaku kuposa nthambi zina, chifukwa Chigwirizano cha Amayi, chomwe chidakhazikitsidwa mu 1940, chinkayenda m'midzi ndi mphamvu za amayi eni ake, omwe ankayendera odwala, kutonthoza anamfedwa ndi kulangiza asungwana kudzera m'chilangizo, chomwe mpingo udaika m'malo mwa chinamwali cha makolo. Mzimayi wachizungu sakadatha kufika m'mudzi uliwonse wa kunyanja, ndipo kulephera kumeneko kudamukakamiza kudalira anzake kale kwambiri amuna asadaphunzire kutero. Nkoyenera kunena mosabisa kuti pa nkhani yopereka udindo, amayi a mbali zonse ziwiri adatsogola.

Nkhani ya chuma ndiyo idasautsa mbali zonse. Ulamuliro udasamuka tsiku limodzi, koma ndalama zoyendetsera zipatala ndi sukulu zidapitirira kuchokera kunja kwa zaka zambiri, ndipo mmishoni yemwe adatsala adali mlatho wopita kwa opereka thandizowo, zomwe zinkamupatsa mawu olemera kuposa udindo wake. M'midzi ngati ya ku Chipoka, komwe zopereka zimadalira nyengo ya usipa ndi zokolola za thonje ndi mpunga, kudzidalira kunkatanthauza kuti mlimi ndi msodzi ndiwo adyetse mbusa ndi kufolera nyumba yopemphereramo. Mabanja achikulire omwe adamvetsa zimenezi adasiya chizolowezi chothandiza anthu ndi ndalama za m'thumba mwawo mosadzera kwa akulu a mpingo, chifukwa chifundo chotere, ngakhale chinkachokera mumtima wabwino, chinkachepetsa mbusa watsopano pamaso pa nkhosa zake.

Amishoni ena adatsala ndi kutumikira pansi pa Sinodi mpaka kupuma, makamaka m'chipatala cha Nkhoma, m'sukulu ya zaubusa ndi m'ntchito ya mabuku, ndipo ubale womwe boma la Dr. Banda lidakhazikitsa ndi South Africa mu 1967 udapeputsa kukhala kwawo kuno. Ena adabwerera. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma awa adali alendo omwe adakhalitsa mpaka kusowa kwina kotcha kwawo, ndipo pobwerera ankakafika m'dziko lomwe malamulo ake sankalola kuti mbusa wakuda, yemwe adagwira naye ntchito zaka zambiri, akhale nawo m'dera limodzi. Ana awo ambiri adali atakula kale kutali nawo chifukwa cha sukulu, ndipo chilankhulo chomwe adalalikiramo moyo wawo wonse chidalibe wochimva kumeneko.

Zofanana ndi zimenezi zidachitika kwa anansi a kummawa kwa Zambia, komwe mpingo wobadwa ku mishoni ya Dutch Reformed ya ku Orange Free State udalandira umwini wake mu 1966, ndipo mu 1971 mbusa John Gatu wa ku Kenya adafika popempha kuti amishoni ayambe aima kubwera kwa kanthawi kuti mipingo ya mu Africa idzipeze yokha. Patapita zaka zambiri kusintha kudachokeranso mbali ina, ku malikulu a mabungwe otumiza amishoni. Bungwe la International Mission Board la mpingo wa Southern Baptist ku America, womwe amishoni ake adafika m'Malawi mu 1959 ndipo anthu a ku Salima amawadziwa kudzera m'chipatala cha Baptist cha ku Senga Bay, lidalengeza mu 2015 kuti ndalama zachepa, ndipo lidapempha antchito a zaka 50 kupita m'tsogolo, omwe adatumikira zaka zisanu kapena kuposerapo, kuti aganizire zopuma mwa kufuna kwawo. Pofika kumayambiriro kwa 2016, amishoni 983 pa dziko lonse adali atavomera kuchoka, ndipo ambiri mwa iwo adali a msinkhu womwe munthu amakhala atadziwa bwino chilankhulo ndi anthu a kumene akutumikira.