Chimbale chomwe tikudikira kwa Agide

Mukangotchula dzina la Giddes Chalamanda, achinyamata ambiri amayamba kung'ung'udza "Linny Hoo", nyimbo yomwe idawanda pa TikTok mkuluyu ataiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020. Komatu agogo a ku Chiradzuluwa adabadwa mu 1930, ndipo nyimbo zomwe asunga m'mutu n'zambiri kuposa zomwe zili m'mafoni mwathu.

N'chifukwa chake owakonda akulakalaka chimbale china mawu akadalipo. Pempho loyamba n'losavuta: mawu awo ndi gitala zimveke pamwamba, zisakwiririke ndi mabiti a pakompyuta. Ena akufuna "Buffalo Soldier" ijambulidwenso mwaluso, poti m'nyimboyi ndi momwe ankalota zopita ku America, maloto omwe adatheka mu 2016. Enanso akuti oyimba achinyamata alowemo ndithu, koma ngati ana odzaphunzira, osati odzalanda bwalo.

Nkhani yaikulu ndi ya ndalama. Kutchuka pa intaneti sikugula ufa. Nanga chimbalecho chikadzatuluka, inuyo mudzagula, kapena basi kumangotumizirana pa WhatsApp? Agide akufunika kudya thukuta lawo akadali moyo.